Pakati pa Mutu Umodzi ndi Mbewa Zochuluka

Miyambi ina ukaiika pamodzi imakhala ngati ikukangana. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Akuluakulu omwewo adatinso mbewa zikachuluka siziika masa. Mwambi woyambawo ukutiuza kuti tiitane anzathu adzatithandize, pomwe wachiwiriwu ukutichenjeza kuti anthu akachulukitsa aliyense amayang'ana mnzake mpaka ntchito kugona. Ndili pantchito ya uphunzitsi, ana ankandifunsa kuti woona ndi uti pa iwiriyi, ndipo ndinkawayankha kuti yonse ndi yoona, kungoti uliwonse umalondera mbali yake ya njira kuti wapaulendo asagwere kuphompho. Lero, awerengi okondedwa, ndifuna tiiyese miyambi iwiriyi pa chinthu chimene makolo athu sadachione: timidzi ting'onoting'ono timene anthu akumanga pa intaneti, kutali ndi mabwalo akuluakulu a makampani.

Ambirife tikamanena za masamba a mchezo timatanthauza Facebook, WhatsApp, TikTok kapena X, imene kale inkatchedwa Twitter. Lililonse la masamba amenewa lili ndi mwini wake, ndiye kampani. Kampaniyo ndiyo imasunga zimene timalemba, ndiyonso imaika malamulo ndi kuwasintha osafunsa munthu. Ife timakhalapo monga ankakhalira makolo athu ena pa minda ya atsamunda m'masiku a thangata: malo ogona uli nawo, koma dothi si lako, ndipo lendi umalipira ndi thukuta. Thukuta lathu lero ndi nthawi yathu pamodzi ndi mbiri ya zimene timakonda, zomwe kampani imadyerapo potsatsa malonda. Mu Epulo 2019 Google idatseka tsamba lake la Google+, ndipo magulu amene adamanga pamenepo adabalalika. Mu Okutobala 2022 Elon Musk adagula Twitter pa mtengo wa madola 44 biliyoni. Pasanapite masiku ambiri antchito pafupifupi theka adachotsedwa, malamulo nayamba kusintha. Anthu adagona ali pa munda wa uje, nadzuka ali pa munda wa wina.

Komatu njira ina inali itaoneka kale. Mu 2016 mnyamata wina wa ku Germany, dzina lake Eugen Rochko, adatulutsa pulogalamu yotchedwa Mastodon. Pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo aliyense wodziwa ntchitoyi angathe kuiika pa seva yakeyake. Seva ndi kompyuta imene imakhala yoyaka usana ndi usiku, yolumikizidwa ku intaneti, ndipo ambiri amachita kuibwereka pa lendi ya pamwezi. Mu Januwale 2018 bungwe la W3C, limene limakonza miyezo ya masamba a intaneti, lidavomereza ndondomeko yotchedwa ActivityPub, yomwe imalola maseva osiyanasiyana kutumizirana mauthenga. Zimayenda monga makalata: aliyense ali ndi positi ofesi yakwawo, koma kalata yochokera ku ofesi ina imafika ndithu. Maseva onse olankhulana moteremu amatchedwa fediverse, ndipo m'menemo mulinso Pixelfed ya zithunzi ndi PeerTube ya makanema. Pa Mastodon palibe malonda olowetsedwa pakati pa nkhani, ndipo mauthenga amabwera motsatana monga m'mene adalembedwera.

Ine ndimaona kuti dzina loyenera seva iliyonse yotere ndi mudzi. Ili ndi dzina lake, ili ndi wouyang'anira amene tingamutche nyakwawa, ili ndi malamulo ake, ndipo ili ndi njira zopita ku midzi ina. Munthu wa mudzi uno angathe kucheza ndi wa tsidya lija popanda kusamuka. Mudzi ulinso ndi mphamvu yotseka njira. Mu 2019 tsamba lina la ku America lotchedwa Gab, lodziwika ndi mawu a chidani ndi tsankho, lidayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Mastodon, ndipo maseva ambiri adalitsekera njira, uliwonse mwa kufuna kwake, popanda lamulo lochokera kumwamba. Ufulu wotere ndi wokoma kuumva. Koma walira mvula walira matope. Pamene palibe kampani yolamula, palibenso kampani yosesa pabwalo, yolipira lendi kapena yoleretsa ndewu. Ntchito zonsezi zimagwera eni mudzi.

Nkhaniyi ikundikhudza chifukwa ndine nzika ya kamudzi kotere. Mmodzi mwa ana amene ndidawaphunzitsa kalelo, amene tsopano ali ndi banja lake ndipo amagwira ntchito ya makompyuta kunja kwa dziko, adakhazikitsa seva ya anthu okonda chinenero chathu. Tilimo aphunzitsi opuma pantchito, ophunzira a kuyunivesite, amayi angapo olera ana kumaiko akunja amene amaopa kuti anawo angaiwale malonje, ndi ena otero. Sitikwana zana limodzi. Timakambirana za matanthauzo a miyambi, timatsutsana za kalembedwe ka mawu, timapepesana pa maliro. Kwa ine nkhalamba, amene anzanga ambiri a msinkhu wanga adatsogola, kamudzi kameneka ndi mphala yanga ya madzulo. Ndikadadzuka tsiku lina n'kupeza katatsekedwa, ndikadataya anthu amene ndilibe njira ina yowapezera. Ndiye chifukwa chake mafunso awiri akhala akundizunguza: kamudzi kotere kakule motani, ndipo kasenzedwe ndi yani?

Tiyambe ndi mbewa zochuluka. Achinyamata a m'mudzi mwathu adafuna kuti titsekule chipata, aliyense alowe, tifike zikwi. Ndidawakumbutsa za Usenet, bwalo la makambirano limene lidayamba cha m'ma 1980 m'mayunivesite a ku America, nalonso lopanda mwini mmodzi. Chaka chilichonse mwezi wa Sepitembala ophunzira atsopano ankafika, nasokoneza pang'ono, kenaka akale ankawaphunzitsa mwambo ndipo bata linkabwerera. Koma mu 1993 ndi 1994 makampani ogulitsa intaneti, kuphatikizapo AOL, adatsekulira Usenet makasitomala awo miyandamiyanda. Alendo adaposa eni mudzi, panalibenso wophunzitsa mnzake, ndipo akale adatcha nyengoyo Sepitembala wosatha. Mphunzitsi wamkulu aliyense akudziwa zimenezi. Sukulu imalandira kalasi imodzi yatsopano pachaka, ndipo ana akale ndiwo amaonetsa atsopano pofola ndi potaya zinyalala. Mutalowetsa makalasi asanu atsopano tsiku limodzi, mwambo wa sukulu utha ngakhale malamulo atakhala omwewo pakhoma.

Alipo akatswiri amene adayesa kupeza malire a kudziwana kwa anthu. M'zaka za m'ma 1990 Robin Dunbar wa ku Britain adanena kuti munthu mmodzi angathe kusunga ubale wokhazikika ndi anthu pafupifupi 150. Ena amatsutsa nambala imeneyi, ndipo ine sindiitenga ngati lamulo, koma ikugwirizana ndi zimene ndidaona m'kalasi. Ana akakhala 40 ndinkadziwa amene wabwera osadya. Akapitirira 100 ndinkangodziwa mayina a m'kaundula. Mu 2019 Darius Kazemi, wopanga mapulogalamu ku America, adalemba malangizo a kayendetsedwe ka seva yaing'ono ya abwenzi, potengera seva yake imene inali ndi anthu pafupifupi 50. Uphungu wake unali woti gulu lisapitirire pamene woyang'anira angathe kudziwa munthu aliyense. Iyeyu adakonzanso mtundu wina wa Mastodon wotchedwa Hometown, umene umalola munthu kulemba uthenga woonedwa ndi a m'mudzi mwake okha. Nkhani zina ndi za m'nyumba, sizifuna kulengezedwa pamsika.

Apa sindikunena kuti mlendo akanizidwe. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mudzi wosalandira alendo umakalamba ndi eni ake. Nkhani ili pa kalandiridwe. Kumudzi munthu wofuna malo amafikira kwa wina amene akumudziwa, ndipo ameneyo ndiye amamuperekeza kwa mfumu, namuikira umboni. Mastodon imapatsa woyang'anira njira zitatu: kutsekula chipata kwa aliyense, kufunsa wolowa kuti afotokoze chifukwa chake kenaka n'kumuvomereza, kapena kulola okhawo amene aitanidwa. Kwa kamudzi kakang'ono, njira ziwiri zomalizazi ndizo zabwino. Mu Febuluwale 2024 anthu ena oipa adagwiritsa ntchito maseva ang'onoang'ono a zipata zotsekula, amene eni ake anali atawalekerera, kutumizira mauthenga achabechabe ku fediverse yonse. Amene adasiya khomo pululu adavutitsa ndi anansi omwe.

Kulowetsa mlendo ndi chiyambi chabe. Kumapeto kwa 2022 anthu ogwiritsa ntchito Mastodon pamwezi adakwera mpaka pafupifupi 2.5 miliyoni, koma m'miyezi yotsatira chiwerengerocho chidatsika kwambiri. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chosavuta kuchimva. Pa masamba a makampani pali makina okusankhira zoti uone, kotero kuti ngakhale usakudziwa munthu, maso ako sasowa chodya. Pa Mastodon munthu watsopano amene sadatsatire aliyense amapeza bwalo lili zii. Ngati palibe womugwira dzanja, amakhala masiku awiri n'kubwerera kumene adachokera. Kuli mwambo woti watsopano alembe uthenga wodzidziwitsa, koma uthengawo umafuna woyankha. Tsono amene waitana mnzake asamusiye pachipata. Amuonetse anthu oti awatsatire, amufunse funso pagulu kuti enanso amulankhule, ndipo akakhala chete sabata yathunthu amuyendere. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Tsopano titembenukire ku mutu umodzi. Timidzi tambiri ta mu fediverse timayamba ndi munthu mmodzi wachifundo, ndipo timatha pamene munthuyo watopa. Woyang'anira seva amalipira lendi mwezi uliwonse, amalipiranso dzina la mudzi chaka chilichonse. Amaika zokonza zatsopano za pulogalamu kuti akuba asapeze mpata. Nkhokwe ya seva imadzaza ndi zithunzi, ngakhale zochokera ku midzi ina, ndipo iye ndiye amaipungula. Anthu akayambana pakati pa usiku, dandaulo limafika kwa iye. Kumapeto kwa 2022 seva yotchedwa mastodon.technology idatsekedwa, mwini wake atalengeza kuti wachibale wake akudwala kwambiri ndipo sangathenso kusenza zonse. Mu 2023 mastodon.lol nayo idatsekedwa, woyang'anira atatopa ndi mkangano wokhudza masewera ena a pakompyuta, umene udafika pomunyoza iye mwini. Munthu angathe kusamukira ku seva ina n'kutenga omutsatira ake, koma zimene adalemba sizisamuka naye. Zimatsala, ndipo seva ikazima zimapita.

Kwathu nakonso zimenezi zidatsala pang'ono kuchitika. Mwana wanga uja adandilembera mwamseri nati, "Aphunzitsi, ndatopa. Ndalama si vuto kwenikweni, koma ndikadwala kapena ndikakhala paulendo palibe wina wodziwa potsekulira." Mawu amenewa adandikumbutsa sukulu zimene ndidaziona zikugwa mphunzitsi wamkulu atangosamutsidwa, chifukwa makiyi, mabuku a ndalama ndi nzeru zonse zinali m'thumba mwake. Mu 2019 a Mastodon adalemba pangano limene seva iyenera kulivomera kuti iikidwe pa mndandanda wawo. Lili ndi mfundo zinayi: kuletsa mawu a tsankho ndi chidani, kusunga makope a zonse tsiku lililonse, kukhala ndi munthu winanso amene angathe kulowa mu seva pakagwa zadzidzidzi, ndi kuchenjeza anthu miyezi itatu seva isanatsekedwe. Amayi a banki mkhonde sangadabwe ndi mfundo yachitatuyi. Ndondomeko yawo, imene bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger mu 1991, imafuna kuti bokosi la ndalama likhale ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Palibe amene amati potero akunyoza msungichuma.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha seva yotchedwa Hachyderm. Adaiyambitsa ndi mayi wina katswiri wa makompyuta ku America, Kris Nóva, ndipo poyamba inkayendera pa makina a m'nyumba mwake. Mu Novembala 2022, anthu akuthawa ku Twitter, idakula kuchokera pa anthu osakwana 1,000 kufika pa zikwi makumi angapo m'masabata ochepa, mpaka makinawo adalephera ndipo adaisamutsira ku makina a lendi. Apo ndiye panali mbewa zochuluka. Koma mayiyu adasonkhanitsa gulu la odzipereka, ena oona za makina, ena oweruza madandaulo, ndipo mu 2023 adapereka sevayo m'manja mwa bungwe lotchedwa Nivenly Foundation, iye n'kutula udindo. Mu Ogasiti chaka chomwecho adamwalira pangozi akukwera phiri. Anthu ake adalira maliro, koma mudzi sudapasuke, chifukwa mwini wake anali ataugawira ena akadali moyo. Ngakhale Rochko mwini, mu Januwale 2025, adalengeza kuti umwini wa Mastodon uperekedwa ku bungwe losafuna phindu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho adatula udindo wake monga mkulu woyendetsa.

Za ndalama nazo tisazibise. Tonse tidaonapo mjigo woperekedwa ndi akufuna kwabwino utaima chaka chathunthu chifukwa cha kachitsulo kotsika mtengo, pomwe mjigo wa mudzi woyandikana nawo ukutulutsa madzi chifukwa banja lililonse limasonkha kangachepe pamwezi ndipo komiti imawerenga ndalama pagulu. Seva ndi chimodzimodzi. Kuyambira mu 2017 pali seva yotchedwa social.coop imene imayendetsedwa ngati kopaletivi: mamembala amasonkha, ndalama zolowa ndi zotuluka zimaonekera kwa onse, ndipo mfundo zazikulu amazivotera. Kwa ife pali chovuta china, chakuti lendi ya seva imalipiridwa mu ndalama zakunja, kotero kuti mtolowo umapendekera kwa abale athu okhala kunja. Ngozi yake ndi yakuti wolipira amasanduka mwini bwalo, ena n'kumaopa kumutsutsa. Mankhwala ake ndi akuti aliyense asenzeko kena kake. Wopanda madola alandire alendo, wina alembe malamulo m'chinenero chomveka, wina asunge buku la ndalama. Pa dima si onse amene amafulula mowa. Ambiri amangobwera ndi khasu.

Ntchito yolemera kuposa zonse ndi yoweruza. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, adafufuza midzi imene idasunga chuma cha onse kwa zaka mazana: msipu wa m'mapiri a ku Switzerland, nkhalango za ku Japan, ngalande zothirira za ku Spain ndi ku Philippines. M'buku lake la mu 1990, Governing the Commons, adaonetsa kuti midzi yopambana inali ndi malire odziwika, malamulo opangidwa ndi omwe akuwatsatira, zilango zoyambira pang'ono n'kumakwera, ndi malo apafupi othetsera mikangano mosalira ndalama zambiri. Mastodon ili ndi zida zotere: woyang'anira angathe kuchenjeza munthu, kuchepetsa kumene mawu ake amafika, kapena kumuchotseratu. Choyamba chikhale chenjezo la kumbali, pakuti anthu ambiri amamva akauzidwa mwaulemu. Koma m'kamudzi kakang'ono wolakwa amakhala bwenzi la woweruza, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndiye chifukwa chake mfumu siweruza yokha, imakhala ndi nduna, ndipo amene mlandu ukumukhudza amapatuka kuti ena agamule.

Pano pali phindu limene ife eni zinenero zazing'ono tiyenera kuliona. Woweruza wa kampani yaikulu ali kutali, ndipo nthawi zambiri ndi makina. Angasiyanitse bwanji chipongwe cha pachisuweni ndi kutukwana kwenikweni? Angadziwe bwanji kuti mawu ofatsa, opanda liwu loipa ngakhale limodzi, angathe kukhala chinyozo chachikulu pa mtundu wa anthu? Woweruza wa m'mudzi mwathu amamva zining'a, amadziwa amene akulankhula ndi amene akulankhulidwa. Ndiponso m'kamudzi kathu chinenero chathu ndicho chili pampando, munthu sachita manyazi kulemba chiganizo chathunthu popanda kusakaniza. Zoterezi sizipezeka pamsika waukulu, pamene aliyense amafuula m'chinenero chimene chingamubweretsere anthu ambiri.

Mudzi waung'ono uli ndi matenda ake, ndipo ndisakunamizeni kuti ndi paradaiso. Miseche imayenda msanga. Akale angathe kupanga kagulu kawo, atsopano n'kumadziona ngati obwera mpaka kalekale. Mauthenga amseri a pa Mastodon sali otsekedwa monga a pa WhatsApp, kotero kuti amene ali ndi makiyi a seva angathe kuwaona atafuna. Izi anthu auzidwe tsiku lolowa, kuti chinsinsi chenicheni asachiike pamenepo. Mphamvu yotseka njira nayo ingathe kupweteka osalakwa, pakuti anyakwawa awiri akayambana n'kutsekerana, anthu wamba amene ankachezerana amadzuka atalekanitsidwa. Pamene Meta idatulutsa Threads mu 2023 n'kuyamba kuilumikiza ku fediverse, maseva ena adatseka njira poopa kumezedwa, ena adaisiya yotsekula kuti anthu awo azicheza ndi abale awo a kumeneko. Mbali zonse zinali ndi mfundo. Chimene ndikuona n'chakuti nkhani yotere isagamulidwe ndi munthu mmodzi usiku. Ikambidwe pabwalo, ndipo chifukwa chake chilembedwe poyera.

Nanga mudzi ukakula ndithu, titani? Makolo athu anali nayo njira. Mudzi ukachuluka anthu, minda n'kuchepa, milandu n'kuchuluka, mkulu wina ankatenga mbumba yake n'kukamanga patsogolo. Sichinali chidani ayi. Ankabwerabe ku maliro, ankakwatirana, ankaitanirana mowa. Fediverse idapangidwa moti zoterezi zitheke, chifukwa seva yatsopano imalankhulanabe ndi yakale. Choncho kukula kwabwino ndi kwa nthochi, imene imaphuka ana m'mbali, mlimi n'kuwazula kukabzala pena. Mu Meyi 2023 a Mastodon adasintha pulogalamu yawo ya pafoni kuti watsopano azilozeredwa poyamba ku seva yawo yaikulu, mastodon.social, chifukwa ambiri ankabwerera akafunsidwa kusankha seva asanadziwe kuti seva n'chiyani. Cholinga chake n'chomveka. Komabe aliyense akakhazikika pamalo amodzi, tidzakhala tamanganso munda wa mwini mmodzi umene tidauthawa. Mudzi waukuluwo ukhale ngati siteshoni yofikirapo, munthu akazolowera apeze kwawo.

Kwathu kuno kuli chopinga china chimene anzathu a ku Ulaya sachidziwa. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndipo bandulo yotere sitsekula seva yathu. Kuwonjezera apo, munthu amapita kumene kuli abale ake, ndipo abale ali pa WhatsApp. Sindiona chifukwa chonyozera amene atsala kumeneko, ndipo inenso uthenga wa maliro a kumudzi umandipeza kumeneko. Koma zimenezi zikutiphunzitsa kuti kamudzi kathu kasayese kupikisana ndi msika. Kakhale ndi chake chimene munthu sangachipeze kwina. Ife tili ndi mwambi wa sabata, umene mmodzi amauika Lolemba, tonse n'kuusenda mpaka Loweruka, ndipo udindo wosankha umazungulira. Chinthu chaching'ono chobwerezedwa pa nthawi yake chimasunga gulu kuposa chikondwerero chachikulu cha kamodzi pachaka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Titakambirana kwa milungu ingapo, tidagwirizana zingapo. Makiyi a seva ndi a dzina la mudzi ali ndi anthu atatu okhala m'maiko osiyana. Buku la ndalama limaikidwa poyera mwezi uliwonse. Wolowa amaitanidwa ndi membala, ndipo womuitanayo amakhala nkhoswe yake mwezi woyamba. Oweruza ndi atatu, amasinthana chaka ndi chaka, ndipo woyambitsa mudzi sali m'gulu lawo, mwa kupempha kwa iye mwini. Tidalembanso kuti tsiku lina tikadzalephera, anthu adzauzidwa miyezi itatu isanakwane nthawi yotseka, kuti aliyense atenge kope la zolemba zake ndi kupeza kosamukira. Ena adati kulemba zotere n'kudziitanira tsoka, monga amanenera ena za wilo. Achinyamata awiri amene ankafuna zikwi adakhumudwa, ndipo mmodzi adachoka. Ndimamumvetsa, pakuti pa msinkhu wake munthu amafuna kumvedwa ndi dziko lonse. Njira yobwerera sitidamutsekere.

Pali muyezo umodzi umene ndimaugwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati gulu lili moyo, ndipo ndidauphunzira poitana mayina m'mawa uliwonse. Mwana akajomba, m'kalasi yabwino ankapezeka mnzake wonena kuti, "Akudwala, aphunzitsi," kapena "Apita ku maliro." M'kalasi imene dzina linkaitanidwa katatu popanda wodziwa kumene mwini wake ali, ndinkadziwa kuti pali ntchito. Chiwerengero cha olembetsa pa seva chimanyenga, chifukwa ambiri amalembetsa n'kuiwala. Funso ndi lakuti, munthu akasowa mwezi wathunthu, alipo amene amazindikira? Ndipo tisaiwale omwe amangowerenga osalemba kanthu. Pabwalo la milandu si onse amalankhula, koma bwalo lopanda omvera si bwalo.

Tsono miyambi yathu iwiri ija sikukangana ayi. Umodzi ukulankhula kwa woyambitsa mudzi kuti agawe makiyi, ndalama ndi milandu mphamvu zisanamuthere. Winawo ukulankhula kwa iye amene amayesa ubwino wa mudzi powerenga mitu. Inu amene mukuganiza zolowa m'kamudzi kotere, funsani musanatule katundu: ali ndi makiyi ndi angati, lendi amalipira ndani, malamulo alembedwa pati, ndipo wolakwiridwa amadandaula kwa yani? Safunsa adadya phula. Inu amene mukufuna kuyambitsa wanu, musayambe nokha. Pezani anzanu awiri tsiku loyamba lomwe, ndipo muyambe ndi anthu khumi amene mungawatchule mayina. Ndipo inu amene muli kale m'mudzi wa wina, mukudya zokoma osadziwa amene amasesa, mulembereni lero woyang'anira wanu, mumufunse chimene mungamusenzereko. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Kwa lero ndalekeza pomwepa. Amene muli ndi mwambi wina wogwirizana ndi nkhaniyi, kapena woitsutsa, musaubise.